Mukafika ku Pompeii, Jambulani Pamene Panagwira Manja a Anthu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wathu wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Britain. Pa tchuthi chikubwerachi akupita ku Naples, m'dziko la Italy, ndipo wapatula tsiku limodzi loti akaone mabwinja a mzinda wa Pompeii. Mwachidule, walemba kuti: "Ndili ndi kamera yaing'ono, lenzi imodzi yokha, ndi foni. Zithunzi za ku Pompeii zimene ndikuona pa Instagram zonse n'zofanana: zipilala, phiri kumbuyo, munthu ataima pakati. Ine ndikufuna chithunzi choti ndikachikulitse n'kuchipachika pabalaza. Ndiyambire pati? Chachiwiri, ndamva kuti kumeneko kuli matupi a anthu akufa oumbidwa ndi pulasitala. Kodi n'koyenera kuwajambula? Mtima wanga ukukana."

Achemwali, zikomo kwambiri. Kamera imene muli nayoyo ndi yokwanira, musagule china chilichonse. Tiyambe ndi mmene mzindawo unafera, chifukwa zimenezo ndiye zikuuzeni choti mukajambule.

Mizinda yambiri yakale inafa pang'onopang'ono. Anthu ankasamuka mmodzimmodzi, otsala n'kumaphwasula makoma kuti akamangire nyumba zina, mpaka pamalopo kungotsala zipilala zolemera zimene palibe akanazinyamula. Pompeii sunafe choncho. Unakwiririka m'masiku awiri okha m'chaka cha 79 AD, pamene phiri la Vesuvius, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10, linaphulika. Poyamba kunagwa timiyala topepuka kwa maola ambiri, timiyalato n'kuunjikana pamadenga mpaka madenga kuyamba kuthyoka. Kutacha kunatsika mitambo yotentha ya phulusa ndi mpweya, yothamanga kuposa mmene munthu angathawire. Mzinda wonse unatsala pansi pa phulusa lozama mamita 4 mpaka 6. Mabuku ambiri amati izi zinayamba pa 24 Ogasiti, kutengera makalata amene Pliny Wamng'ono, Mroma amene anaona kuphulikako, analembera Tacitus, wolemba mbiri yakale. Koma mu 2018 ofukula anapeza mawu olembedwa ndi khala pakhoma la nyumba ina, otchula tsiku lofanana ndi 17 Okutobala, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti phirilo linaphulika kumapeto kwa Okutobala. Mumzindamo munkakhala anthu oposa 10,000. Ambiri anathawa, ndipo mpaka pano papezeka mafupa a anthu pafupifupi 1,150. Kufukula kunayamba mu 1748, ndipo pa mahekitala 66 a mzindawo, gawo limodzi mwa magawo atatu likadali pansi.

Tanthauzo lake kwa munthu wa kamera ndi lakuti ku Pompeii kunatsala zinthu zimene kwina kulikonse zinatha kalekale. Mu uvuni wa wophika buledi wina, wodziwika kuti Modestus, munapezeka mikate 81 itasanduka makala. Pamakoma a m'misewu pakadali mawu ofiira okopa anthu kuti avotere uje ndi uje. M'nyumba zina munali milu ya laimu ndi matailosi, chifukwa eni ake anali akukonzabe zimene zinagumuka ndi zivomerezi, kuyambira chachikulu cha m'chaka cha 62. Anthu awa sankakhala m'mabwinja. Ankakhala mumzinda waphokoso, wonunkha utsi ndi ndowe za abulu. Ndiye chithunzi chimene ine ndimachilemekeza n'chimene chikuonetsa chizolowezi cha munthu chitadindika pamwala. Zipilala zilipo m'mizinda yonse ya Aroma, kuyambira ku Jerash ku Jordan mpaka ku Timgad ku Algeria ndi Leptis Magna ku Libya, kuno ku Africa kwathu. Koma njira zimene manja ndi mapazi a anthu wamba anasiya, ku Pompeii ndiye kuli mwini wake.

Yang'anani pansi kaye. Misewu anaiyala ndi miyala ikuluikulu yakuda yochokera kuphiri lomwelo, ndipo mawilo a ngolo anaikumba mizere yozama moti phazi lanu likhoza kulowamo. Pamphambano pali miyala itatu kapena iwiri yotumphuka, yoti anthu azipondapo powoloka kuti asaponde madzi ndi zinyalala, ndipo mipata ya pakati pake anaisiya molingana ndi mawilo a ngolo. Gwadani, kamera ikhale pafupi ndi pansi, mzere wa ngolo uyambire pakona ya chithunzi n'kulowera mkati. Mukatero diso la woonera limatsatira mzerewo ngati ngoloyo yangodutsa kumene. Pakhomo la masitolo pali mwala wautali wokhala ndi kangalande, mmene ankalowetsamo matabwa otsekera usiku. M'mphepete mwa misewu muli zitsime za miyala zoposa 40, ndipo pa zina mukaona mkombero wake utasalala ndi kukumbika mbali imodzi, pamene anthu ankatsamira ndi dzanja powerama kuti amwe. Chotchuka chili pa msewu waukulu wotchedwa Via dell'Abbondanza. Pamenepo musafulumire. Yendani mozungulira mpaka mupeze mbali imene kuwala kukugwera m'kadzenjeko, mbali ina kukhala mthunzi. Chithunzi choyenera pabalaza chikhoza kukhala chimenecho: mwala umodzi, popanda phiri, popanda thambo.

Kulinso malo ogulitsira chakudya chotentha, amene akatswiri amawatcha thermopolium. Ndi tebulo la njerwa loyalidwa zidutswa za mabo za mitundumitundu, lokhala ndi maenje ozungulira mmene munali mitsuko ikuluikulu. Alipo ambirimbiri, ndipo anthu amawadutsa mothamanga. Imani kumbuyo kwa tebulolo ngati malo akulola, pamene pankaima wogulitsa, mujambule kuyang'ana kumsewu. Aliyense amajambula ali kunja kuyang'ana mkati. Inu jambulani zimene wogulitsayo ankaona tsiku ndi tsiku. Chimodzimodzi kumalo ophikira buledi, kumene kuli mphero zikuluzikulu za mwala wa phiri zimene abulu ndi akapolo ankazungulitsa. Mpherozo zili ndi khungu lokhakhala lomwe limakonda kuwala kochokera m'mbali.

Apa ndiye pali nkhani yonse ya kuwala. Mwala umaoneka bwino dzuwa likamaukhudza chammbali, chifukwa kadzenje kalikonse kamapeza mthunzi wake. Dzuwa la paliwombo limafafaniza zonsezo, miyala n'kungoti mbuu. Vuto ndi lakuti zipata amatsekula 9 koloko m'mawa, dzuwa litakwera kale, makamaka m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ngati masiku a tchuthi mungasankhe nokha, pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi, pamene dzuwa limayenda chapansipansi tsiku lonse, ngakhale kuti m'nyengo yozizira ya kumeneko amatseka 5 koloko madzulo. Via dell'Abbondanza imayenda kuchokera pabwalo lalikulu kulowera chakum'mawa, motero m'mawa ndi madzulo dzuwa limatsata msewuwo. Maola awiri omaliza asanatseke ndiye golide wanu. Masana, dzuwa likafika pamutu, lowani m'nyumba ndi m'malo osambira monga Terme Stabiane kapena Terme del Foro, kumene kuwala kumalowera pa kazenera ka padenga n'kugwa pansi ngati mzati. Nyumba zambiri za olemera zili ndi bowo pakati pa denga, lolowetsa mvula ku kadziwe ka pansi pake. Bowo limenelo masana limakupatsani kuwala kumene ojambula amakufunafuna m'masitudiyo. Mvula ikagwa musadandaule. Miyala yakuda ya m'misewu ikanyowa imanyezimira, madzi amadikha m'mizere ya ngolo, ndipo alendo ambiri amabisala.

Chithunzi chija cha pa Instagram, cha bwalo lalikulu la Forum, kachisi wa Jupiter ndi Vesuvius kumbuyo, chijambuleni ndithu. Malowo ndi okongola, ndipo abale kumudzi adzafuna kuona kuti munafikadi. Mukatero pitirirani. Dziwaninso kuti si zonse zimene mukaone kumeneko zili zakale. Chiboliboli chamkuwa cha munthu wa thupi la hatchi chimene chaima pa Forum ndi cha Igor Mitoraj, mmisiri wa ku Poland amene anamwalira mu 2014. Mu Ogasiti ndi Sepitembala 1943, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za mayiko ogwirizana zinaponya mabomba oposa 150 pa mabwinjawa, ndipo makoma ena amene alipo lero anachita kumangidwanso. Zokongoletsa zambiri zamtengo wapatali, monga chithunzi cha timiyala cha nkhondo ya Alexander chimene chinali m'nyumba yotchedwa Casa del Fauno, anazisamutsira kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Naples, ndipo pamalopo pali chongofanizira. Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Ndikufuna kuti mukadzalemba mawu pansi pa chithunzi chanu, alembedwe oona.

Musananyamuke, khalani pansi usiku umodzi muone ntchito za anthu atatu amene anajambula mabwinja a Aroma mwaluso. Woyamba ndi Giorgio Sommer, Mjeremani amene anakhazikika ku Naples m'zaka za m'ma 1850. Iye ankajambula Pompeii ndi kamera yaikulu ya magalasi, n'kumagulitsa zithunzizo kwa alendo. Misewu yake imaoneka yopanda anthu, mizere ya makoma ili chilili, chilichonse chili pamalo pake. Kwa iyeyu phunzirani kuwongola kamera. Mukaipendeketsa kuyang'ana m'mwamba, zipilala zimaoneka ngati zikugwera chagada. Bwererani m'mbuyo pang'ono, kamera ikhale yowongoka, zotsala mudzadula pakompyuta.

Wachiwiri ndi Mimmo Jodice, wobadwira ku Naples komweko mu 1934. Zithunzi zake zakuda ndi zoyera za ziboliboli zakale ndi zimene zinanditsegula maso ine pa nkhaniyi. Anajambula nkhope za anyamata awiri othamanga, ziboliboli zamkuwa zimene zinapezeka ku Villa dei Papiri ku Herculaneum, mzinda wapafupi umene unakwiriridwanso ndi phiri lomwelo, moyandikira kwambiri moti maso awo oyera amakuyang'anani ngati munthu wamoyo amene wadzidzimuka. Nthawi zambiri m'mbali mwa chithunzi mumakhala ngati mukugwedezeka, pakati pokha ndiye pooneka bwino. Zina mwa zithunzizi anazipachika pa siteshoni ya sitima yapansi yotchedwa Museo ku Naples, ndiye mukhoza kukaziona ndi tikiti ya sitima yokha. Jodice sankajambula chiboliboli kuti asonyeze kuti n'chakale. Ankachijambula ngati mmene mungajambulire nkhope ya munthu amene mukumudziwa.

Wachitatu ndi Josef Koudelka wa ku Czech, amene anatha zaka pafupifupi 30 akuzungulira mabwinja a Agiriki ndi Aroma m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kamera yojambula zithunzi zazitali chopingasa. Ntchitoyo inaonetsedwa ku Paris mu 2020. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kawirikawiri iye amachotseratu thambo. Kamera imayang'ana pansi, pa mzati wogwa, pa miyala yoyala, pa mthunzi. Ndipo malo amodzimodzi ankabwererako kangapo kudikira kuwala koyenera. Inu muli ndi tsiku limodzi, koma nzeru yake mukhoza kuitenga: sankhani malo ochepa, mukhalepo nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene akufuna kumaliza mzinda wonse tsiku limodzi amabwerako ndi zithunzi 800 ndi matuza kumapazi, koma chopachika pakhoma palibe.

Poona ntchito za atatuwa mungaganize kuti luso ndiye kujambula zakuda ndi zoyera basi. Ayi. Pa miyala, mphero ndi misewu, zakuda ndi zoyera zimathandiza chifukwa zimachotsa zipewa zofiira ndi maambulera a alendo, n'kusiya maonekedwe a mwala. Koma Pompeii unali mzinda wa utoto. Ku Villa dei Misteri, kunja pang'ono kwa linga, kuli chipinda chimene makoma ake atatu ali ndi anthu aakulu ngati ife, ojambulidwa pa utoto wofiira kwambiri. Nyumba ya a Vettii, imene inatsekulidwanso mu Januwale 2023 itakonzedwa kwa zaka zambiri, ili ndi zofiira, zachikasu ndi zakuda zowala ngati zapakidwa chaka chatha. Kuchotsa utoto pa zimenezi n'kutaya chuma. Choncho ikani kamera pa RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti chisankho mudzapange muli kunyumba. M'zipinda za mdima musayatse fulashi. Siloledwa pa zojambula za pakhoma, komanso imapha kuwala kwachilengedwe kumene mwadzera. Kwezani ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) kufika 1600 kapena 3200, tsekulani lenzi, tsamirani chigongono pathupi, ndipo shutter (chitseko cholowetsa kuwala mu kamera) isakhale yotsekula kupitirira 1/60 ya sekondi ngati manja anu sali okhazikika. Chithunzi chokhala ndi timadontho chimapiririka, chogwedezeka sichikonzeka. Musatsamire khoma lililonse la utoto. Ndipo musakakamire kutenga khoma lonse. Dzanja limodzi la mkazi wa pachithunzi, mng'alu ukudutsa pa nsalu yake, pamene utoto wathera n'kuyamba njerwa: pamenepo mpamene zaka 2,000 zimaonekera.

Za khamu la anthu, musadzivutitse kudikira kuti msewu ukhale wopanda munthu. Mu 2024 ku Pompeii kunafika alendo oposa 4 miliyoni, moti kuyambira Novembala chaka chomwecho akuluakulu a malowa anaika malire a anthu 20,000 patsiku, ndipo tikiti imalembedwa dzina la mwini wake. Komabe khamulo limaunjikana malo ochepa: pa Forum, pa Lupanare (nyumba imene munkachitikira uhule) ndi m'nyumba zotchuka. Mukakhota kawiri kulowa m'tinjira ta kumpoto kapena kufupi ndi bwalo la masewera la kum'mawa, lomwe linamangidwa cha m'ma 70 BC, mumapezeka muli nokha. Ndipo munthu m'chithunzi si chilema. Mwendo wa mlendo uli m'malere pakati pa miyala iwiri yowolokera ukuchita zomwezo zimene mwalawo anauikira. Mwana akumwa pa chitsime, popeza zitsime zambiri zili ndi mipope ya madzi abwino mpaka lero, akubwereza zimene ana a m'chaka cha 79 ankachita pomwepo. Nkhope ya munthu ikakhala yoonekera, pemphani kaye, makamaka kwa makolo a mwana ndi kwa ogwira ntchito yokonza makoma.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu.

Choyamba mudziwe chimene zinthuzo zili. Anthu amene anaphedwa ndi mitambo yotentha ija anakutidwa ndi phulusa losalala, limene linauma mowazungulira. Matupi atawola, m'phulusamo munatsala mphako yofanana ndendende ndi munthuyo. Mu 1863 Giuseppe Fiorelli, amene ankayang'anira ntchito yofukula, anayamba kuthira pulasitala wamadzi m'mphakozo, n'kudikira kuti aume, kenako n'kuchotsa phulusa. Chotuluka ndi munthu mmene anagonera pa mphindi yake yomaliza, mpaka makwinya a chovala ndi zingwe za nsapato. Alipo oposa 100. Chimene alendo ambiri sadziwa n'chakuti mafupa a munthuyo ali mkati mwa pulasitalayo. Mu 2015, pokonza 86 mwa iwo, ena anawaunika ndi makina a CT ngati a kuchipatala, ndipo mano ndi mafupa zinaoneka bwinobwino. Inu monga namwino mukumvetsa: chimene chili patsogolo panu si chiboliboli. Ndi mtembo.

Ndiye mtima wanu sukulakwa. Ife tinaleredwa kuti pamanda sitiloza chala, sitiseka, ndipo wodutsa pamaliro amatsika panjinga. Mwambo umenewo musausiye pabwalo la ndege. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, mmene zithunzi za matupi zinkayendera pa WhatsApp, ena n'kudziwira pafoni kuti m'bale wawo wapita. Zinatipweteka chifukwa anthuwo anajambulidwa ngati zinthu. A ku Pompeii alibe wachibale wotsala woti awadandaulire, ndipo chifukwa cha chimenecho ulemu wawo uli m'manja mwa mlendo aliyense amene waima patsogolo pawo.

Kodi ndiye musajambule? Malamulo a malowa sakuletsa, ndipo ine sindikuletsani. Zithunzi za Sommer za matupi amenewa, kuphatikizapo cha galu womangidwa kolala amene anaumbidwa mu 1874, n'zimene zinachititsa anthu akutali kuzindikira kuti kunafa anthu enieni. Kujambula kukhoza kukhala njira yolira nawo. Koma pali kajambulidwe koyenera. Mukafika pa Orto dei Fuggiaschi, munda wa mpesa umene mu 1961 munapezeka anthu 13, akulu ndi ana, atagona pamzere pamene anagwera pothawa, kamera ikhale kaye m'chikwama. Imani, muwaone, muwerenge ana. Ngati pambuyo pake mukufunabe kujambula, tsikani mufanane nawo msinkhu, musawajambule kuchokera pamwamba ngati mukuyang'ana m'dzenje. Nkhope yanu isalowemo. Musawonjezere mdima ndi utsi pakompyuta kuti chioneke choopsa, chifukwa zimene zinawachitikira n'zokwana kale. Ambiri ali kuseri kwa galasi, ndiye yandikitsani lenzi pagalasipo osaligunda, dzanja lina litchinge kuwala kwa m'mbali. Ndipo ngati mtima ukanabe, musajambule. Palibe chimene mudzataye. Mukhoza kujambula mizere ya mpesa imene anaibzalanso m'mundamo, khoma limene anthuwo sanathe kulidutsa, ndi phiri kuseri kwake, ndipo amene akudziwa nkhaniyo adzamva.

Chenjezo lina ndi la mawu amene timalemba pansi pa zithunzi zoterezi. Kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa kuti munthu wina wa m'nyumba yotchedwa Casa del Bracciale d'Oro, amene anapezeka ndi mwana pamiyendo atavala chibangili chagolide, anali mayi ndi mwana wake. Mu Novembala 2024 akatswiri anafalitsa zotsatira za DNA yochokera m'mafupawo: wamkuluyo anali mwamuna, ndipo panalibe ubale wamagazi ndi mwanayo. Awiri ena okumbatirana, amene ankatchedwa atsikana apachibale, mmodzi mwa iwo anapezeka kuti anali mwamuna. Kwa ine zoonazi n'zogwira mtima kuposa nthano ija, chifukwa zikutanthauza kuti pa ola lomaliza munthu ananyamula mwana amene sanali wake. Koma ngakhale pamenepa tisapitirire zimene tikudziwa. Lembani malo ndi chaka chimene anapezeka. Musawapekere mayina, chikondi kapena mawu omaliza.

Kodi chithunzi chotere n'choyenera pabalaza, pamene anthu amadyera ndi kuseka? Maganizo anga ndi akuti ayi. Chisungeni m'buku la zithunzi, choti munthu azichita kutsekula mwadala. Pakhoma pakhale chitsime chija kapena mzere wa ngolo.

Zotsalazi ndi za kayendedwe. Kuchokera ku Naples kwerani sitima ya Circumvesuviana yopita ku Sorrento, mutsike pa Pompei Scavi – Villa dei Misteri. Ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 40, ndipo chipata cha Porta Marina chili pafupi pomwepo. Chipata chimenecho ndiye cha khamu. Cha ku Piazza Anfiteatro, mbali ya kum'mawa, chimakhala ndi anthu ochepa, ndipo mukalowera kumeneko m'mawa mumayenda dzuwa lili kumsana. Tikiti gulani pa intaneti masiku angapo m'mbuyo, ndipo tengani chiphaso chanu popeza ili ndi dzina. Chikwama chachikulu salola kulowa nacho, malire ake ndi masentimita 30 x 30 x 15, ndiye lenzi yanu imodzi ija yakupulumutsani. Tripod (miyendo itatu yoimikapo kamera), drone ndi kujambula kwa malonda zimafuna chilolezo cholembedwa, musadzivutitse nazo. Valani nsapato zolimba zopanda chidendene, tengani botolo la madzi loti muzidzaza pa zitsime, batire lachiwiri ndi kansalu kopukutira lenzi chifukwa fumbi ndi lambiri. Nyumba zina amatsekula mosinthanasinthana, ndiye funsani pachipata kuti zotsekula tsikulo ndi ziti.

Fiorelli yemwe uja anagawa mzindawo m'zigawo 9, chigawo chilichonse m'midadada, ndipo khomo lililonse lili ndi nambala yake. Mwachitsanzo, nyumba ya galu wa timiyala wolembedwa kuti Cave canem (kutanthauza kuti chenjera ndi galu) ili m'chigawo VI, mdadada 8. Nthawi iliyonse mukajambula chinthu chimene mwachikonda, jambulaninso ndi foni kachikwangwani ka nambala kapafupi. Mukadzabwerera ku Britain makoma onse adzafanana m'maso mwanu, ndipo manambalawo ndi amene adzakuuzeni kuti munali pati.

Ngati mungabe theka la tsiku lina, tsikani pa Ercolano Scavi, pa njanji yomweyo, mukaone Herculaneum. Ndi waung'ono, alendo ndi ochepa, ndipo popeza unakwiririka mozama mamita pafupifupi 20, kunatsala nyumba zosanja, zitseko, mitanda ya denga ndi mabedi amatabwa osanduka makala. Thabwa lopsa limamwa kuwala, ndiye pamenepo onjezerani exposure (kuwala kolowa mu kamera) pang'ono kuti mizere yake ioneke. Kumunsi, kumene kunali gombe, kuli zipinda zosungiramo mabwato mmene munapezeka mafupa a anthu pafupifupi 300 amene ankadikira chipulumutso cha panyanja. Zimene ndanena za Orto dei Fuggiaschi zigwirenso ntchito pamenepo.

Mukabwerako musathamangire kosindikiza. Zithunzi zikhale sabata ziwiri osaziona, kenako sankhani khumi, muzisindikize zazing'ono, muzimate pakhoma ndi tepi pamalo pomwe mukufuna kupachikapo. Pakatha masiku, zina zidzayamba kukutopetsani, chimodzi kapena ziwiri zidzatsala. Chimenecho ndiye mukulitse. Pa zithunzi za miyala sankhani pepala losanyezimira, lomwe amati matte, chifukwa lonyezimira limabweza kuwala kwa pazenera n'kubisa makwinya a mwalawo. Kamera iliyonse ya megapixel 16 kapena kuposerapo imakwanitsa kukula kwa A3 popanda vuto. Uzani osindikiza kuti asakonze okha kuwala ndi utoto, chifukwa makina awo amakonda kuwalitsa mithunzi imene inu munaidikira tsiku lonse. Zikatuluka, nditumizireni ziwiri kapena zitatu pamodzi ndi manambala a makomo ake, ndipo mukalola ndidzaziika pano kuti anzathu ena aone.